Chotsa Phazi, Amidu

Amidu mng'ono wanga,

Kalata iyi usaitsegule uli pa lole. Udikire ufike ku Kuwamba, ukwere komboyo, sitima ya pamtunda ija ya ku Nampula, upeze pokhala, katundu umuike pakati pa miyendo, ndiye uwerenge. Ndikulemba masana ano kuseri kwa nyumba, iwe uli ku Amaramba ndi amjomba kokatsanzika abale. Amayi ali pomwe pano akutembenuza nsomba pathandala, ndipo ndi iwo andituma. Akuti mwana sachoka pamudzi wopanda mawu a bambo wake, tsono popeza abambo adatisiya, bambo wako ndine. Ndawauza kuti ndimakuposa ndi zaka ziwiri zokha, ndiponso kuti mawa lomwelo, iwe ukunyamuka, ine ndikhala pabenchi ku shikola, sukulu yathu ija, monga mwa masiku onse. Ayankha kuti cholembera chili m'manja mwanga, osati mwawo.

Ndiyambe ndi mawu awo. Akuti usakadye nkhumba, ngakhale akakuuze kuti ndi mbuzi. Akuti uziswali, kaya mumtima mokha ngati malo palibe. Kadeneta yako, chiphaso chija, izikhala m'kati mwa malaya, osati m'thumba la kabudula. Asilikali a m'komboyo akakufunsa kanthu uyankhe mwachidule m'Chipwitikizi, usawayang'ane m'maso, ndipo usaonetse kuti ukumva zonse zimene akukambirana. Bulangete usabwereketse. Ukadwala unene tsiku lomwelo. Mawu a amayi athera pamenepa, ndipo sanadzaze ngakhale theka la tsamba. Otsalawa ndi anga. Sindikudziwa ngati ndi malangizo, chifukwa malangizo amachokera kwa munthu amene adakhoza kanthu. Ine chimene ndili nacho ndi nkhani ya mmene ndidalepherera, ndi ina yoipa kuposa imeneyo imene ndiinene kumapeto ndikalimba mtima.

Ukudziwa chimene chikukudikira. A Irima Roza, asisitere athu aku mishoni, adakulembera kalata yokuyamikira, ndipo shikola ya aphunzitsi ku Nampula yakuitana chifukwa ikufuna mnyamata woimba piyano. Koma kalata si malo. Sabata yoyamba isanathe akakukhazika pa piyano pamaso pa Padiri, wansembe wamtali uja amene adabwera kuno chaka chatha kudzandiyesa ine. Akakondwa, ukhala. Akapanda kukondwa, ubwerera ndi komboyo yomwe yakutengayo. Ndipo ukakaimba monga umaimbira pano, phazi lakumanja litakanikiza pedali kuyambira poyamba mpaka pomaliza, sakondwa. Chotsa phazi, Amidu. Kalata yonseyi ndi mawu awiri amenewa, koma ndikangokuuza choncho sumva, monga inenso sindidamve.

Uyambe wadziwa kumene vutoli lidachokera, chifukwa iwe udalipeza lilipo kale. Ndili mu kalasi yachitatu, a Mateyu amene ankaimba limba m'tchalitchi adatupa miyendo. Limba lija ukulidziwa: ukaleka kupopa ndi mapazi, mphepo imatha m'mimba mwake, mawu nkufa pakati pa nyimbo. A Irima adasankha ine, osati chifukwa cha luso, koma chifukwa nthawi yopuma anyamata onse ankakhala ku mpira, ine ndekha ndili pakhonde kumangoyang'ana. Abambo atamva kuti mwana wa Msilamu aziimbira Akhristu adati, "Zizilowa zala ndi mapazi. Zina zonse uzizisiya pakhomo pamodzi ndi nsapato." Nsapato ndinalibe, koma ndidamva. Chaka chathunthu a Irima ankaima kumbuyo kwanga ndi kandodo, phazi likangozizira nkundigogoda pabondo. Ponda, ponda, usaleke. Phazi langa lidaphunzira chinthu chimodzi chokha, kuti likapuma nyimbo yafa, ndipo tchalitchi chonse chicheuka kuti chione amene waipha.

Kenako idabwera piyano. Mkazi wa mzungu wa kantina, sitolo ija ya ku Mekanyela, atamva kuti nkhondo ikuyandikira adabwerera kwawo, ndipo chinthu chija chidamulemera kunyamula, nkuchisiyira asisitere. Idabwera pa lole ya thonje, amuna asanu ndi atatu nkuilowetsa m'kachipinda kosungiramo choko ndi mbendera. Nditakhala pampando ndidaona zitsulo ziwiri zonyezimira pansi, ndipo ndisanakhudze ngakhale dzino limodzi la piyanoyo ndidayamba kuzipopa mosinthanasinthana ngati limba. A Irima adaseka mpaka kutsamira khoma. Atatha kuseka adatsegula chivundikiro chapamwamba nkundionetsa za m'kati. Pa nsambo iliyonse pagona kansalu kaubweya. Ukadina dzino kansaluko kamadzuka, nsambo nkulira, ndipo ukachotsa chala kamabwerera nkuitseka pakamwa. Koma ukaponda chitsulo chakumanja, chimene iwo amachitcha pedali ngati ya njinga, tinsalu tonse timadzuka pamodzi, nsambo zonse nkukhala zomasuka, ngakhale zimene sunazikhudze. Adandiuza m'Chinyanja chawo chothyokathyoka chija kuti chimenechi si chopopera, ndi mchere, ndipo mchere sadzaza nawo mphika.

Ndidamva ndithu. Koma atatuluka ndidaponda chitsulocho nkudina do, mi ndi so pamodzi. Amidu, ukukadziwa kachipinda kaja, simenti pansi, malata pamwamba. Mawu aja sadathe. Adazungulira makoma, adakwera kudenga, adabwerera. Ndidachotsa manja onse nkuwaika pamiyendo, koma chinthucho chidapitiriza kuimba chokha. Zidali ngati m'chipindamo mwalowa anthu ambiri amene sakufuna kundifunsa kanthu. Kupopa ndidaleka tsiku lomwelo, koma phazi lidapeza pogona. Lidatsika ndipo silidakwerenso kwa zaka ziwiri. Mpaka lero sindidziwa ngati chidalitsitsa ndi mantha aja a limba kapena kukoma kwa mawuwo. Ndikaganiza m'mawa ndimati mantha, ndikaganiza madzulo ndimati kukoma.

Cholakwa chachiwiri chidabwera ndi kachala kanga. Ukukumbukira mbedza imene idandilowa m'chala chaching'ono chakumanzere tili m'mabango ku Chiuta, ndipo kuyambira pamenepo sichiwongoka bwino. Nyimbo ya patsamba la khumi ndi chiwiri m'buku lofiira lija imafuna kuti chala chimenechi chigwire mawu apansi pamene zinzake zikuyenda. Changa sichinkafika. A Irima adalemba manambala ndi pensulo pamwamba pa mawu aliwonse, kusonyeza chala choyenera, ndi kundipezera njira yozungulira. Njira imeneyo idali yochedwa, ndipo ine ndidali nditapeza yachidule. Ndinkangomenya dzinolo, nkulisiya, nkudumpha, pedali nkundigwirira mawuwo. Pa limba sunganame chotero, chifukwa ukachotsa chala mawu athera pomwepo. Pa piyano phazi linkanamira chala, ndipo palibe amene ankadziwa.

Bodza likakuthandiza kamodzi umaliitananso. Paliponse povuta ndidayamba kudumpha. Pakati pa nyimbo ija pali mzere umodzi umene dzanja lamanzere limatsika masitepe ovuta, ndipo ine sindidauwerenge nkomwe. Ndinkangoimba china chake chofananirapo, mwamsanga, phazi lili pansi, zonse nkusungunukira pamodzi. Makutu a Irima adali atayamba kale kugontha ndi mankhwala a malungo. Ankakhala kumanzere kwanga, maso ali pa manja, ndipo pomaliza ankangogwedeza mutu nkunena kuti zakoma. Ine ndinkabwerera kunyumba ndikudziona ngati katswiri. Usadzione ngati katswiri chifukwa chakuti chipinda chadzaza, Amidu. Mgolo wopanda kanthu nawonso umadzaza chipinda ukaumenya.

Munthu woyamba kundiuza zoona adali amayi, ndipo ndidawakwiyira sabata yathunthu. Adapita kukagulitsa nsomba zouma kukhitchini ya asisitere nkudzera kuseri kwa zenera ndikuimba. Madzulo tikudya adafunsa kuti, "Kodi ku mishoni kuja ayamba kuweta njuchi mumgolo?" Iwe udaseka mpaka kutsamwa. Ine ndidawauza kuti imeneyo ndi nyimbo ya azungu, iwo sangaimve. Adangoti, "Kaya. Koma a Mateyu akamaimba ndinkadziwa pamene nyimbo yakhota." Ndaganizira mawu amenewa nthawi yaitali. Ukamaimba wekha, mutu wako umaidziwa kale nyimboyo, tsono umaimva ngakhale pamene kulibe. Wodutsa panja amamva zimene zilipo zokha. Ukafika kumeneko upeze munthu wosadziwa kanthu za piyano, kaya wophika, kaya wosesa, umupemphe aime kunja kwa zenera. Akatha kung'ung'udza nyimbo imene waimba, ndiye kuti waimbadi.

Tsopano za Padiri. Izi sindidakuuzepo, udangoona ndabwera nkukagona osadya. Adafika nthawi yachilimwe ndi magalimoto a asilikali, fumbi lili thupi lonse. Ndidaimba ya patsamba la khumi ndi chiwiri ija, ndipo ndidaimba ndi mtima wonse. Nditamaliza, Padiri adadzuka. Adayang'ana uku ndi uku, nkutenga chofufutira bolodi chija cha thabwa, nkugwada pansi pafupi ndi mapazi anga. Mzungu, padiri, kugwada pamapazi anga opanda nsapato. Ndidatsala pang'ono kuthawa. Adalowetsa thabwalo pansi pa pedali, nkudzuka, nkusasa mawondo, nkundiuza kuti ndiyambenso.

Phazi lidatsika lokha nkukumana ndi thabwa. Chimene chidatuluka m'piyano sindidachidziwe. Chidali ngati nkhuku zikujompha chimanga pa lichero, apa jo, apo jo, pakati pali mabowo. Paliponse pamene ndinkadumpha padamveka kuti ndadumpha. Nditafika pa mzere wapakati uja manja adaima okha. Padiri adaloza papepala nkundifunsa kuti mawu awa ndi ati. Ndidawayang'ana ngati ndikuwaona koyamba, ndipo ndidalidi ndikuwaona koyamba. Adatembenukira kwa a Irima nkuwauza mokweza, chifukwa cha makutu awo aja, kuti, "Mnyamatayu khutu ali nalo, koma zala zake sizinaphunzire kanthu. Limene lakhala likubwera ku maphunziro ndi phazi." A Irima adayang'ana pansi pa piyano, malo amene sadayang'anepo zaka ziwiri, ndipo adafiira mpaka m'khosi. Manyazi awo adandipweteka kuposa anga.

Apa ndi pamene mutu wanga umasokonezeka. Padiri adachotsa thabwa lija, nkukhala pampando, nkuimba nyimbo yomweyo. Ndipo adaponda pedali. Chitsulo chomwecho chimene adangondimana kumene. Ine ndidali nditakhala pansi pakona, tsono ndinkaona phazi lake bwino kuposa manja. Chidendene chidali pa simenti osasuntha. Kutsogolo kwa phazi kunkakwera ndi kutsika ngati chifuwa cha munthu wogona. Ndidaonetsetsa ndipo ndidapeza kuti phazi ndi zala sizinkatsikira pamodzi. Zala zikatsika pa mawu atsopano, phazi linkakwera nthawi yomweyo kuti akale afe, kenako nkutsikanso msanga kuti ligwire atsopanowo. Zala patsogolo, phazi pambuyo. Mizere ina sadaliponde nkomwe. Nyimbo idali yodzaza ngati yanga, koma unkatha kumva mawu aliwonse payekha, ndipo amayi akadadziwa pamene yakhota.

Ndayesa chaka chathunthu kuchita zimenezi ndipo phazi langa likutsikabe pamodzi ndi manja, kenako nkuiwala kukwera. Tsono ndikukuuza chinthu chimene ine ndemwe sinditha. Mwina iwe utha. Ukukumbukira abambo akutiphunzitsa kupalasa bwato? Ine ndinkasiya nkhafi m'madzi ndikatha kukoka, poopa kuti ndikaitulutsa bwato liima, ndipo bwato linkangozungulira pamalo amodzi. Abambo ankati nkhafi yotsala m'madzi imabweza zimene yapalasa. Iwe udamva tsiku loyamba, ine mpaka mwezi. Pedali nayonso imafuna kutuluka m'madzi. Koma usayambe nazo zimenezi pamaso pa Padiri. Uyambe wachotseratu phazi, ulipinde pansi pa mpando, mpaka zala zitadziwa njira zokha.

Ndikuuzenso ichi, kuti usandione ngati ndachira. Mawu osakanikirana aja ndimawakondabe. Abambo atamwalira ndinkapita m'kachipinda kaja Loweruka masana, nkuponda pedali, nkumenya mano atatu apansi kwenikweni, nkumangomvetsera mpaka mawu atatheratu. Amatenga nthawi yaitali, ndipo chakumapeto sudziwa ngati akumvekabe kapena ndi khutu lako. Sindidziwa amene ndinkamulakwira pochita zimenezo. Ndikadafunsa Padiri, koma munthu sufunsa mafunso kwa amene wangokukana kumene. Tsono sindinganene kuti ndi tchimo. Mwina pali nthawi yake. Chimene ndikudziwa nchakuti si kuimba nyimbo ya patsamba la khumi ndi chiwiri, ndiponso kuti ku Nampula sakakusunga chifukwa cha zimenezo.

Amayi angofunsa kumene kuti kodi nkhani ya nkhumba yokha ija ikudya mapepala onsewa. Ndawauza kuti ndikulemba zilembo zikuluzikulu. Akuti ndiwonjezere kuti usakasambe m'nyanja yamchere. Ndawauza kuti ku Nampula kulibe nyanja, koma akuti ndilembe basi. Ndalemba.

Tsopano ija ndimaizengereza ija. Makutu a Irima atanyanya kugontha adandiuza kuti ndizikuphunzitsa ine. Limba ndidakuphunzitsa bwino, ndi kukugogoda pabondo komwe, ndipo zimene zidawakopa mtima a Irima ndi limba ndi mawu ako oimbira. Koma tsiku loyamba pa piyano, ndikukuonetsa, iwe sudayang'ane manja anga. Udayang'ana phazi. Tonse awiri ndife oyang'anitsitsa, ndi matenda a pakhomo pathu. Utakhala pampando ndidaona phazi lako likutsika, ndipo silidakwerenso. Mvula idali itangoyamba kumene. Ndidadziuza kuti uyambe wazolowera mano, ndidzakuuza sabata yamawa. Sabata yamawayo ndidaona nkhope yako pamene mawu adadzaza chipinda, ndipo ndidati ndisakulande msanga.

Zifukwa zimenezo zidali zoona pang'ono, koma zidatha mphamvu tsiku limene a Irima adatiitana tonse awiri nkunena kuti chaka chino Padiri sabwera chifukwa msewu waipa ndi nkhondo, tsono akulembera kalata kuti ukayesedwere komweko. Ndidali pomwepo, Amidu. Ndinkadziwa za thabwa, ndinkadziwa kuti nawenso umadumpha mzere wapakati uja chifukwa udautengera kwa ine. Padali miyezi inayi yoti tikonze. Ndidakhala chete. Loweruka lililonse ndinkakhala pambali pako, maso anga ali pa phazi lako, nkumakuuza kuti zakoma.

Ndafunafuna chifukwa chake ndipo ndikupeza ziwiri zimene sindingathe kuzilekanitsa. China nchakuti malo amenewo adali anga, ndipo zikadandiwawa kuti iwe uwatenge ndi piyano yomweyo imene idandikana ine. China nchakuti kuchokera pano kukafika ku shikola yathu ndi mtunda wautali, ndipo munthu amene ndimayenda naye, ndi kulankhula naye, ndiwe wekha. Sindidakhalepo pansi nkunena mumtima kuti alephere abwerere. Koma ndikaganiza za iwe ukutsika pa lole patatha masabata awiri, katundu ali pamutu, mtima wanga sunkawawa monga ukadayenera kuwawira. Kaya ndi nsanje, kaya ndi mantha otsala ndekha, sindidziwa. Mwina iwe uli kutali uona bwino. M'mawa uno pamene umapopa njinga ya amjomba ndinabwera kuti ndikuuze zonsezi pamaso, koma pakamwa panga panatuluka funso lakuti kodi tayala lakumbuyo silikutha mpweya. Unandiyankha kuti lili bwino, nkunyamuka.

Ukwiye, uli ndi chifukwa. Koma ukwiye uku zala zikugwira ntchito, chifukwa masiku atsala ochepa. Kuseri kwa tsamba lomaliza ndakulembera mzere wapakati uja, mawu onse, ndi manambala a zala monga adalembera a Irima. Ndidauphunzira pambuyo pake, mochedwa. Ulendo wa komboyo ndi wautali, tsono uike pepalalo pabondo limodzi, uziimba pabondo linalo, pang'onopang'ono, dzanja lamanzere lokha. Chala chisachoke mpaka chinzake chitatsika, monga powoloka dambo pa zitsa, pamene suchotsa phazi lakumbuyo lakutsogolo lisanaponde. Anthu akakuyang'ana ngati wamisala, aleke. Zala zako zonse khumi ndi zamoyo, ulibe chodumphira.

M'kati mwa bulangete lako ndakulungamo kathabwa. Ndakasema kuchokera ku nkhafi ya abambo yothyoka ija imene imakhala kudenga, ndipo amayi sakudziwa. Ndakayesa pa piyano yathu, kakulowa bwino pansi pa pedali. Ngati ya kumeneko ndi yaitali, upinde pepala uwonjezere. Ukangofika upemphe kuti akuonetse kumene kuli piyano, ndipo mpata uliwonse umene angakupatse ukalowetse kathabwako usanakhale pampando. Usakhulupirire phazi lako. Lidzakulonjeza kuti likhala phee, kenako udzalipeza lili pansi. Poyamba udzamva mabowo okhaokha ndipo udzafuna kulira. Mabowowo analipo kale, kungoti tsopano ukuwamva, ndipo bowo lomveka limatsekeka.

Tsiku la mayeso, usanaimbe, umuuze Padiri wekha kuti udaphunzitsidwa kuponda pedali molakwa, tsono upempha kuimba wopanda. Umuuze kuti adakuphunzitsa ndi mkulu wako wa ku Chiuta, uja wa chofufutira bolodi. Andikumbukira. Sindikudziwa ngati malangizo awa ndi abwino. Mwina adzakuona ngati mwana woona mtima, mwina adzati nonse a nyumba imodzi ndinu amodzimodzi. Ndaganiza mbali zonse ziwiri mpaka mutu kuwawa. Koma ndidamuona nkhope tsiku lija, ndipo ndikuganiza kuti sadakwiye ndi mabowo. Adakwiya ndi chifunga chimene ndidawaphimba nacho. Ukalakwitsa mawu, alakwike poyera, upitirire. Chotsa phazi, Amidu, ngakhale nyimbo ioneke yowonda.

Dzuwa lapendeka, ndipo muyenera kuti mwayandikira. Ndawawerengera amayi mbali yawo ija, avomera kuti ndi momwemo. Kenako, nsomba ili m'manja, anena kuti, "Umuuzenso kuti zikakanika abwere, asachite manyazi. Mphasa yake ilipo." Ndalemba chifukwa ndi mawu awo, ndipo ndi oona.

Koma popeza lero akuti bambo wako ndine, nanenso ndinene anga. Mphasa imeneyo mawa ndiipinda nkuikweza kudenga, pamene panali nkhafi paja. Nkhafiyo ndasemapo timathabwa tiwiri. Kena katsala ndi ine, ndipo Loweruka ndikakalowetsa pansi pa pedali yathu. Kachipinda kaja kazikhala zii pakati pa mawu ndi mawu, ndipo sindikudziwa kuti ndizitani nako kukhala chete kumeneko, kapena ndi msewu wa ku shikola. Zimenezo ndi zanga, usazinyamule. Iwe ukakhoze. Usabwere mpaka tchuthi.

Ndine mkulu wako,
Jafali